Dokotala wa M'ndowa

"Ine piritsi? Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano pakhosi panga pano sipanadutse piritsi, ndipo sipadzadutsa mpaka tsiku lodzandimanga chibwano. Chipatala changa ndimathirira ndekha m'mawa uliwonse."

Anatero alamu anga, lumo lili m'mwamba, kasitomala ali chagada pampando, thovu lili mbuu kumasaya. Munthu amene wakugwirira lumo pakhosi sutsutsana naye. Kasitomalayo anangovomera ndi maso.

Ine ndi alamu timameta m'kachipinda kamodzi, mipando iwiri, magalasi awiri oyang'anizana. Amene anapachika magalasiwo sanaganize bwino, chifukwa ukaima pakati umadziona uli anthu makumi awiri pamzere, onse dazi limodzi, kunka nachepa mpaka wakumapeto ali ngati nyerere. Ndiye alamu akamadzitama, amadzitama anthu makumi awiri nthawi imodzi. Mumsewu wathu amawatcha a Ndulu, ndipo iwo amavomera mosangalala, ngati ndi udindo.

Chipatala chawocho chili kuseri kwa shopu, m'ndowa yobooka. Ndi chitsamba chofika m'chiuno, masamba ake ataliatali, otuwa kunsi. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Aliyense wobwera kudzachiona amachitcha dzina lina, koma alamu amati ndi Dokotala wa M'ndowa. Amati chimatsuka magazi, chimathamangitsa malungo, chimawotcha shuga, chimamasula m'mimba mwa womangika ndi kumanga mwa womasuka. Amati chimabwezeranso mwamuna ku unyamata, koma pamenepo amatsitsa mawu ndi kuyang'ana kuchitseko. Tsitsi lokha ndi limene sichimeretsa, ndipo iwo amati n'chifundo cha Mulungu, kuti anthu adazi asatichulukire pamzere.

Ndinachilawapo kamodzi. Lilime linathawira kukhosi, makutu analira, ndipo kwa kanthawi ndinaona agogo anga amene anamwalira ine ndisanabadwe. Alamu amamwa fulasiki yathunthu patsiku, pang'onopang'ono, nkhope ili phee ngati akumvera nyimbo.

Nkhani yake inayamba chonchi. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo alamu anagwa m'shopu momwemu, sizasi ili m'manja. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo dokotala anawauza mosapsatira kuti azimwa piritsi limodzi tsiku lililonse, apo ayi tsiku lina mkono wogwira lumowo udzafa iwo ali moyo. Alamu anathokoza mwaulemu, anafika kunyumba, naponya mapiritsiwo padenga. Sabata yomweyo wina anawapatsa kamtengo, iwo nakabzala m'ndowa. Chiyambire pamenepo sanagwenso. Ndiye inu mukanawauza chiyani?

Ine ndinali wokhulupirira ndithu, mpaka m'mawa wina ndinapita kwawo kukatenga makiyi. Ndinalowera khomo lakukhitchini osagogoda, ndipo ndinapeza achemwali anga, akazi awo, atawerama patebulo. Anali akuphwanya kanthu koyera m'sosala ndi msana wa supuni. Fulasiki inali pambali, yotsekula, nthunzi ikukwera.

"Achemwali, ufiti uwu mwayamba liti?"

"Tseka chitseko, iwe. Ndi pakamwa pakopo utsekenso."

Anakokolera ufawo m'fulasiki, nakhutchumula katatu.

"Ndiye Dokotala wa M'ndowa uja..."

"Amagwira ntchito yake," anatero achemwali. "Amawawa. Akanakhala tiyi bwenzi alamu akowo atandigwira tsiku loyamba. Koma m'chiphe chimenechi ungathiremo ngakhale sopo, munthu sangadziwe."

"Nanga akadzadziwa?"

"Adzasiya zonse, piritsi ndi tsamba lomwe, kuti andikhaulitse. Ukuwadziwa. Ndiye udzawanyamula ndiwe popita kuchimbudzi?"

Kuyambira tsiku limenelo, alamu akayamba ulaliki wawo ine ndinkayang'ana pansi, n'kumasesa tsitsi ngakhale pamene panalibe tsitsi.

Zinayenda bwino mpaka mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, atayandikira masiku ake. Achemwali anayenera kupita kukamudikirira. Anandiitanira kuseri kwa nyumba, nandipatsa kapepala ka pulasitiki ka mapiritsi.

"Limodzi patsiku. Wamva? Limodzi. Masamba aziphika okha, iwe uzingothira akatuluka."

"Achemwali, ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma kufika pa wani ndinafika."

"N'chimene chikundiopsa," anatero, nakwera basi.

Sabata yoyamba inali yosavuta. Alamu ali ndi chizolowezi: akangotsekula shopu amaika fulasiki pashelufu, pakati pa botolo la spiriti ndi zipeso, kenako amapita kuseri kukathirira ndowa yawo ndi kuilankhula. Amailankhula ndithu, ngati munthu wokaona wodwala. Mphindi zimenezo zinkandikwanira. Piritsi ndinkaliphwanyira papepala ndi chogwirira cha bulashi, kuthira, kukhutchumula katatu monga ndinaonera.

Koma mwamuna amene mkazi wake wachoka amasanduka wopatsa. Achemwali analetsa kalekale zogawira anthu fulasiki, ati n'kupatsirana chifuwa, ndipo alamu ankamvera. Atangoona kuti wowaletsa ali kutali, anayamba kuitana odwala.

Oyamba anali aphunzitsi opuma ntchito, amene amabwera masana aliwonse kudzawerenga nyuzipepala yathu ndi kukonza zolakwika za atolankhani ndi pensulo. Anadandaula za mawondo. Alamu anawathirira m'chivindikiro cha fulasiki. Aphunzitsi anamwa, anavula magalasi, napukuta misozi.

"A Ndulu, chinthu ichi chili ndi mwano."

"Mankhwala aulemu sachiza, aphunzitsi."

Mawa lake anabwera atelala a kutsidya kwa msewu, ati msana. Mkuja wake wogulitsa nyama wa kumapeto kwa msewu, chimunthu chodzaza chitseko, ati palibe chikumupweteka koma safuna kutsalira. Pofika Lachisanu inali mpingo. Dzuwa likangopendeka, atatuwo ankakhala pabenchi ya makasitomala, chivindikiro chikuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akukwinya nkhope mwa mtundu wake.

Ine mtima unali m'mwamba. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Piritsi limodzi, pakamwa panayi. Ndiye kuti alamu akulandira kachidutswa chabe, kotsalako kakupita m'mawondo a aphunzitsi ndi mumsana wa atelala. Ndinkayang'ana dzanja lawo lamanja likuyenda ndi lumo, n'kumaliona m'maganizo lili lende ngati nsanza. Ndinayesa kuwaletsa.

"Alamu, achemwali anati chifuwa."

"Achemwali ako ali kuno?"

"Chitsambachi chitha masamba."

"Chikamathyoledwa m'pamene chimaphuka. Iwe meta anthu."

Kuimbira achemwali foni ndinaopa. Mwana wawo anali atagonekedwa kale kuchipatala, ndipo ndinati ndisawonjezere katundu pamutu wolemedwa kale. Komanso, kunena zoona, ndinkafuna adzabwere n'kupeza kuti ndathana nazo ndekha. Choncho ndinachita masamu. Ngati piritsi limodzi ligawidwa panayi, munthu alandira kachidutswa. Kuti aliyense alandire lathunthu, pafunika anayi. Ndinawerenga ndi zala, ndinabwerezanso ndi zipeso zinayi patebulo, yankho linali lomwelo. Ndinadzimvera chisoni kuti aphunzitsi anga a masamu sanakhale ndi moyo kudzaona tsiku limeneli.

Lolemba ndinaphwanya anayi.

Masana a sabata imeneyo sindidzawaiwala. Chivindikiro chikazungulira kawiri, shopu yathu inkakhala ngati yamira m'madzi ofunda. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, timatsitsi todulidwa tikuyandama m'kuwala kolowera pazenera, osafuna kutera. Anthu anayi aja ankalankhula motsitsa, mawu akutalikirana ngati madontho a pampopi wosatsekeka bwino.

"Wotchi iyo," anatero aphunzitsi tsiku lina, nyuzipepala itagwera pamiyendo, "yayamba kuyenda mwaulemu. Moyo wanga wonse yakhala ikundithamangitsa. Lero ikundidikira."

Atelala anali atatsamira khoma, akuyang'ana kuwala kwa pazenera. Anati akuona ulusi, ulusi wagolide wochokera kumwamba, ndipo akanakhala ndi singano yoyenera akanasokera mkazi wawo malemu diresi limene anamulonjeza. Anakweza dzanja kuti autsine ulusiwo, n'kulibweza lopanda kanthu, akumwetulira.

Wogulitsa nyama ankangoti, "Ng'ombe zili ndi nsidze zokongola, anthu inu. Simudziwa. Ine ndimaziona pafupi." Ndipo maso ake ankadzaza misozi.

Akati aimirire, aliyense ankayamba wagwira benchi, kudikira kuti pansi pabwerere m'malo mwake. Alamu ankawayang'ana monyadira ngati mlimi woyendera munda.

"Mukumva? Ndiye kutsukika kwa magaziko kumeneko. Zoipa zikutsika kumapazi."

Ine ndinkaona kuti mwina masamu anga ali ndi mbali ina imene sindinaiganizire. Koma dzanja la alamu linali lokhazikika, nkhope yawo yosalala, ndipo atatu enawo sanadandaule. Aphunzitsi anati mawondo asiya. Ndinadziuza kuti kwatsala masiku ochepa kuti achemwali abwere, ndipo madzi akakhala chete usawaponyere mwala.

Loweruka kunacha ndi mitambo. Ndinaphwanya anayi monga mwa masiku onse, kuthira, kukhutchumula. Cha m'ma teni mashini anga ometera anayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenako anazima. Alamu anandituma kwa wokonza, misewu itatu kuchokera pathu. Ndili komweko mvula inagwa.

Inali mvula yosaona nkhope. Msewu unasanduka mtsinje, mapepala ndi nsapato za eni ake zikuyandama. Ndinakhala pakhonde la wokonza mashini maola atatu, ndikuonera madzi akutsika padenga ngati nsalu, maganizo ali kutali. Ndinaganiza za mtsikana wina amene ndinamuperekeza pamvula yotere ndili mnyamata, ambulera imodzi, mapewa onse awiri onyowa. Ndinaganiza za kumene angakhale tsopano, ngati ali ndi zidzukulu, ngati amakumbukira. Za fulasiki sindinaganize n'kamodzi komwe.

Zinandibwerera ndili pakati pa msewu, madzi ali m'akakolo. Aphunzitsi satuluka pamvula chifukwa cha mawondo. Atelala sangawoloke mtsinje umenewu. Wogulitsa nyama denga lake limadontha, amakhala akusuntha mabeseni. Ndinathamanga.

Ndinapeza shopu ili zii, mopanda kasitomala. Alamu anali atakhala pampando wometera, umene sakhalapo chikhalire, miyendo ili patali. Fulasiki inali pamiyendo pawo, yotsekula. Ndinaitenga n'kuipendeketsa. Munatuluka dontho limodzi.

"Alamu, mwamwa yonse?"

"Odwala anga sanabwere," anatero, mawu akuchokera kutali. "Ndiye ndikanataya? Lero yakoma, mlamu. Koyamba. Kumapeto kwake kuli kutsekemera, anthu sadziwa chifukwa safika kumapeto."

Nkhope yawo inali yotuwa ngati kunsi kwa masamba awo aja, thukuta lili pamphumi. Anakweza chala pang'onopang'ono kuloza pagalasi.

"Taona anthu awo. Akuchoka mmodzimmodzi. Wakumapeto uja wapita kale. Akulowa m'madzi, onse avala zoyera ngati ine. Kodi akupita kuti osanditsanzika?"

"Alamu, dzukani tipite."

"Mayi anga anali ndi ambulera yofiira," anatero. "Ndaiona ikudutsa apo."

Anayesa kuimirira. Mawondo anapinda ngati lumo lotsekedwa, ndipo ndinawagwira asanafike pansi. Munthu wowonda koma kulemera ngati thumba la simenti.

Ndinakuwa mpaka atelala anawoloka msewu buluku atapinda, nathamangira kukaitana wogulitsa nyama ndi galimoto yake. Tinawagoneka kumbuyo, pamene pamagona nyama, mutu uli pamiyendo panga. Mvula inali itasanduka yawaza. Njira yonse alamu ankatsekula maso, kuyang'ana mitambo, n'kutsekanso. Kapepala ka mapiritsi kanali m'thumba langa la malaya, ndipo ndinkakamva kakundiwotcha pachifuwa ngati khala.

Kuchipatala anawaika pabedi lamatayala, nawakweza miyendo pamapilo. Namwino wake anali mayi wamfupi, wa manja achangu, wosataya mawu. Anawamanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana, napopanso.

"Magazi atsika kwambiri. Bambo, mukundimva? Mumamwa mankhwala anji?"

Alamu anatsekula diso limodzi. Ngakhale ali pakhomo la imfa, ulaliki sanauiwale.

"Tsamba, mayi. Tsamba lokha. Ine za m'mabotolo zanuzi ayi."

"Tsamba lanji? Mwamwa lochuluka bwanji?" Anatembenukira kwa ine. "Inu ndi ndani wawo?"

"Mlamu wawo."

"Pali china chimene amwa? Ndiuzeni zoona, chifukwa ndikawapatsa mankhwala olakwika ndiwapweteka."

Atelala ndi wogulitsa nyama anali ataima kumapazi kwa bedi, zipewa zili m'manja. Ndinaganiza za achemwali ndi supuni yawo, m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinati mwina ndimukokere namwinoyo pambali, koma iye anali atagwira kale singano ya diripi, akundiyang'ana, ndipo milomo ya alamu inali ikuyera. Ndinatulutsa kapepala kaja.

"Awa. Anayi."

"Anayi! Anawauza ndani?"

"Iwo sakudziwa. Ndinathira ndine, m'fulasiki. Timathira tsiku lililonse. Kungoti limayenera kukhala limodzi, koma omwa anachuluka, ndiye ndinachita masamu."

"Omwa anachuluka," anabwereza namwino. Anayang'ana atelala, nayang'ana wogulitsa nyama. Wogulitsa nyama anakhala pansi pang'onopang'ono pampando umene unali pafupi.

"Ndiye nsidze za ng'ombe zija..." anatero.

"Nonse awiri musachoke, ndikuyezani," anatero namwino. "Inu a masamu, imani apo, musakhudze kanthu."

Anabaya diripi, naitana dokotala, ndipo kwa ola lathunthu ine ndinaima pakona ngati tsache. Madzi ankadontha m'kachubu, dontho, dontho, ndipo pang'onopang'ono mtundu unabwerera pankhope ya alamu. Dokotala anati apulumuka, agone masiku awiri awaone. Anandiuzanso mawu ena okhudza mutu wanga amene sindiwalemba pano.

Alamu anali maso tsopano, akuyang'ana kudenga. Sanandiyang'ane. Kenako analankhula, mawu ali ofooka koma ulemu wawo wonse ulimo.

"Mayi, musamumvere uyu. Wasokonezeka ndi mantha. Mwina wathira lero lokha, mwa uchitsiru wake. Ine kuno sindidziwika. Funsani aliyense."

Namwino anatenga kapepala ka mapiritsi kaja, nawerenga nambala yolembedwa pamenepo, natuluka. Anabwera atanyamula faelo yonenepa, yakutha m'makona, yomangidwa ndi mphira kuti mapepala asagwe. Anaitsekula, nayang'ana dzina, nayang'ana alamu, ndipo nkhope yake yolimba ija inamasuka koyamba.

"Ooo, ndinu bambo ake aja! Ometa aja, otanganidwa, amene amatuma akazi awo? Abale, takhala tikufuna kukuonani nkhope." Anaitana mnzake pakhomo. "Tabwera udzaone, ndi awa. Zaka zisanu ndi chimodzi, sanajombepo ngakhale mwezi umodzi. Odwala ena tikamawakalipira timawatchulira inu, bambo."

Anaiika faeloyo pachifuwa pawo kuti adzionere okha. Alamu anakweza dzanja lopanda diripi, nanyowetsa chala ndi malovu, nayamba kutsekula masamba ake limodzilimodzi.